Kutchera Mlonda wa Zizindikiro za Njanji

Mawu oyamba

Pa tchuthi chapitachi ndinakakhala kwa amalume anga amene amagwira ntchito yokonza zipangizo zowongolera kayendedwe ka sitima zapamtunda. Tsiku lina ananditengera m'chipinda chimene amayeseramo zipangizo zisanatumizidwe kunjanji. Patebulo panali kabokosi kachitsulo, kukula kwake ngati buku la kaundula wa kusukulu, kokhala ndi timabowo tolowetsamo mawaya komanso tinyali tobiriwira. Ndinawauza kuti ine ndimaphunzira za ziyankhulo ndipo za mawaya sindizidziwa. Iwo anaseka nati, "Mphwanga, kabokosi aka sikayendetsa sitima. Ntchito yake ndi kuona ndi kunena. Kakanena molakwika, ine ndimadzuka usiku popanda chifukwa, kapena ndimagona pamene ndinayenera kudzuka. Khala pansi, za kanenedwe ndi zanu zomwezo."

Tinatha masiku atatu tikutchera kabokosiko. M'nkhani ino ndifotokoza zimene ndinaphunzira: zomwe chipangizo cholondera netiweki chimayang'anira, ndondomeko yochitcherera, ndi zimene zimachitika chikatcheredwa molakwika. Pofuna kufupikitsa, chipangizochi ndizichitchula kuti mlonda, monga momwe amalume amachitchulira.

Zimene mlondayu amalondera

Sitima siima msanga ngati galimoto. Mawilo ake ndi achitsulo ndipo amayenda pachitsulo, motero sitima yolemera imatha kupitirira mtunda woposa kilomita imodzi woyendetsa atamanga kale mabuleki. Pa chifukwa ichi iye sangadalire maso ake okha. Amadalira zizindikiro, kaya ndi nyali za m'mbali mwa njanji kapena uthenga wofika pasikirini ya m'chipinda chake, kuti zimuuze ngati kutsogolo kuli bwino.

Kuti zizindikirozi zinene zoona, pamafunika njira yodziwira pamene sitima ili. Njira yakale, imene William Robinson wa ku America anaipeza mu 1872, imagwiritsa ntchito njanji zenizenizo. Magetsi ochepa amalowetsedwa m'njanji ziwiri zija kumapeto amodzi a chigawo, ndipo kumapeto enawo amakafika pa kachipangizo kotchedwa relay. Sitima ikalowa m'chigawocho, mawilo ake ndi chitsulo chowalumikiza zimapatsa magetsiwo njira yachidule, relay imasowa magetsi n'kugwa, ndipo nyali imafiira. Nzeru ya njirayi ndi yakuti njanji ikathyoka, waya akaduka kapena magetsi akazima, relay imagwa chimodzimodzi ndipo nyali imafiirabe. Njira ina yofala masiku ano ndi yowerenga mawilo polowa ndi potuluka m'chigawo. Chiwerengero chikapanda kufanana, chigawocho chimatengedwa kuti mudakali sitima.

Palinso mamota amene amasuntha njanji pamphambano. Zonsezi zimakumana m'chipangizo chotchedwa interlocking, chimene chimakana kupereka chilolezo ngati mphambano sinakhale bwino kapena ngati kutsogolo kuli sitima ina. Kale chipangizochi chinali cha zitsulo zokoka ndi manja, kenaka chinakhala cha marelay, ndipo lero kawirikawiri ndi kompyuta imene imalankhulana ndi zinzake kudzera pa netiweki ya mawaya agalasi kapena ya wailesi. M'timanyumba ta m'mbali mwa njanji mumakhala masiwichi a netiweki, mawailesi, mabatire ndi machaja.

Lamulo lalikulu pa zipangizo zonsezi ndi lakuti chinthu chikawonongeka, chiimitse sitima. Lamuloli limapulumutsa miyoyo, koma lili ndi mtengo wake. Taganizirani njanji ya makilomita 912 yochokera ku Moatize, kudutsa m'Malawi muno pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi, mpaka kugombe la Nacala. Pa njanji ya mzere umodzi ngati imeneyi sitima zimapatukirana pamalo osankhidwa okha, choncho imodzi ikaima, zina zimadikira. Batire limodzi likatha m'kanyumba ka kutchire, wokonza ayenera kudziwa kuti ndi kanyumba kati ndipo atenge chiyani, asananyamuke. Apa ndi pamene mlonda amafunikira. Iye sateteza sitima ku ngozi, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya interlocking. Ntchito yake ndi kuloza pamene pawonongeka, ndipo akatcheredwa bwino, kuchenjeza zisanawonongeke.

Lamulo loyamba: aone koma asakhudze

Tisanayatse kabokosiko amalume anandifotokozera za ngozi ya pa Clapham Junction mumzinda wa London. Pa 12 Disembala 1988 sitima zitatu zinawombana pamalopo ndipo anthu 35 anamwalira. Kafukufuku anapeza kuti pa ntchito yosintha mawaya a zizindikiro, waya wakale anasiyidwa wolumikizidwa mbali imodzi, mbali inayo ili yosakutira. Wayayo anakhudza relay n'kuipatsa magetsi abodza, motero chizindikiro sichinafiire ngakhale kutsogolo kunali sitima. Panalibenso munthu wina amene anawerenga mawayawo ntchito itatha.

Phunziro lake ndi lakuti chilichonse chimene munthu awonjezera pa zipangizo za zizindikiro chingathe kuswa lamulo lija loimitsa sitima. Mlonda nayenso ndi chinthu chowonjezera. N'chifukwa chake poyeza magetsi amene mota ya pamphambano ikudya, sadula waya kuti alowetsepo choyezera. Amakoleka kachipangizo kozungulira wayayo kunja, kosakhudza mkuwa wa m'kati. Pa netiweki napo, mlonda amaikidwa m'chigawo chakechake, ndipo pakati pa iye ndi makompyuta a interlocking pamakhala firewall, imene ili ngati mpanda wokhala ndi makomo owerengeka. Timatsegula makomo okhawo amene mlonda akufunika, enawo amatsekedwa. Komanso timamupatsa chilolezo chowerenga chokha, osati cholemba. Munthu woipa akathyola n'kulowa mwa mlondayo, apeze kuti angathe kuona basi, sangasinthe kanthu.

Adiresi ndi mayina

Sitepe loyamba lenileni ndi kupatsa mlonda adiresi ya IP. Tinalumikiza laputopu kukabokosiko, tinalowa ndi mawu achinsinsi amene kanabwera nawo kuchokera kufakitale, ndipo chinthu choyamba chinali kuwasintha mawuwo, poti amalembedwa m'buku limene aliyense angalipeze pa intaneti. Kenaka tinalemba adiresi yokhazikika, malire a chigawo chake cha netiweki, ndi adiresi ya khomo lotulukira kupita kuzigawo zina. M'nyumba ndi m'maofesi makompyuta amapatsidwa adiresi yosinthasintha, koma kunjanji ayi, chifukwa mlonda amapeza chipangizo chilichonse potsata adiresi yake. Amalume ali ndi kaundula wa maadiresi onse, ndipo salemba adiresi m'chipangizo asanailembe m'kaundulamo. Zipangizo ziwiri zikapatsidwa adiresi imodzi, zimayankha molandizana, ndipo vuto lotere limavuta kulipeza chifukwa limabwera n'kumapita.

Pambuyo pake tinalowetsa mndandanda wa zipangizo zoti azilondera, chilichonse ndi dzina lake. Ine ndinayamba kulemba "siwichi 1", "siwichi 2". Amalume anandifunsa kuti, "Nditalandira uthenga 2 koloko usiku woti siwichi 2 yaleka kuyankha, ndikwere galimoto kulowera kuti?" Ndinalibe yankho. Dzina labwino limanena siteshoni kapena kilomita ya panjanji, kanyumba, mtundu wa chipangizo ndi nambala yake, motsatana chimodzimodzi nthawi zonse. Dzinalo liyeneranso kufanana ndi lolembedwa pa chipangizo chenichenicho ndi la pamapu a mawaya. Chinthu chimodzi chikakhala ndi mayina atatu, anthu atatu amakambirana pafoni aliyense akuganiza za chinthu china.

Wotchi

Titayatsa kabokosiko koyamba, kanasonyeza kuti tsikulo linali 1 Januwale 1970. Makompyuta ambiri amawerenga nthawi kuyambira pa tsiku limeneli, ndipo akasowa wowauza nthawi amabwerera pomwepo. Ndinaona ngati ndi nkhani yaing'ono, koma si choncho. Vuto likachitika panjanji, funso loyamba limakhala lakuti chinayamba ndi chiti: magetsi ndiwo anazima kenaka wailesi n'kuleka, kapena wailesi inaleka magetsi adakalipo? Mawotchi a zipangizo ziwiri akasiyana ndi masekondi ochepa chabe, mbiri ya zochitikazo imatembenuka, chotsatira n'kuoneka ngati choyambitsa.

Choncho mlonda ndi zipangizo zonse amauzidwa kutenga nthawi pamalo amodzi kudzera m'njira yotchedwa NTP, imene imadutsa pa khomo 123. Malo amenewa amakhala m'kati mwa netiweki ya njanji yomwe, ndipo nthawi zambiri amatenga nthawi yake kusetilaiti za GPS. Pamafunikanso kugwirizana ngati zolembedwa zizikhala mu nthawi ya dziko lonse ya UTC kapena ya kwathu kuno, imene ili patsogolo ndi maola awiri. Chofunika ndi chakuti zipangizo zonse zitsate imodzi.

Chiyankhulo cha mlonda

Mlonda amalankhulana ndi zipangizo m'chiyankhulo chotchedwa SNMP, chimene chinayamba mu 1988. Kulankhulanaku kuli pawiri. Njira yoyamba ndi kufunsa: pakapita nthawi yoikika, mlonda amagogoda pa khomo 161 la chipangizo chilichonse n'kufunsa mafunso ake. Njira yachiwiri ndi kukuwa: chipangizo chikaona chachilendo, chimatumiza chokha uthenga wotchedwa trap ku khomo 162 la mlonda osadikira kufunsidwa.

Mafunsowo sakhala m'mawu koma m'manambala. Mwachitsanzo, 1.3.6.1.2.1.1.5.0 ndi funso lofuna dzina la chipangizo, pamene 1.3.6.1.2.1.1.3.0 limafuna kudziwa nthawi imene yapita chiyambireni kugwira ntchito. Funso lachiwirili ndi lothandiza kwambiri, chifukwa nambala yake ikabwerera pansi mwadzidzidzi, ndiye kuti chipangizocho chinazima n'kuyakanso palibe woona. Tanthauzo la nambala iliyonse limapezeka m'fayilo yotchedwa MIB. Ine ndinaiona ngati mtanthauziramawu. Kampani iliyonse yopanga zipangizo imakhala ndi MIB yake ya zinthu zapadera, ndipo mlonda akapanda kupatsidwa fayiloyo amalandira uthenga koma amangouonetsa ngati mndandanda wa manambala.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, mitundu yakale ya SNMP imatumiza mawu achinsinsi osabisa, ndipo zipangizo zambiri zakale zinkabwera ndi mawu amodzimodzi akuti "public". Mtundu wachitatu, umene unakhazikitsidwa kwathunthu mu 2002, umatsimikiza amene akufunsa komanso umabisa uthenga, ndipo ndi umene tinasankha paliponse pamene chipangizo chinkaulola. Chachiwiri, trap imatumizidwa kamodzi ndipo wotumiza sadikira kumva ngati yafika. Nthawi imene netiweki yasokonekera, yomwenso ndi nthawi imene uthengawo ukufunika kwambiri, ndi pamene trap ingasowere panjira. N'chifukwa chake sitidalira kukuwa kokha. Timatchera kuti mlonda azifunsanso. Tinaika kuti zinthu zofunika kwambiri azizifunsa mphindi iliyonse, ndipo zosintha pang'onopang'ono monga kutentha kwa m'kanyumba azizifunsa pa mphindi 5 zilizonse, kuti mafunso asadzaze njira yomwe mauthenga a sitima amadutsamo.

Malire: anene liti, akhale chete liti

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Zipangizo za mawailesi ndi netiweki zambiri zimayendera mabatire a mavoti 48, amene akakhala pachaja amafika cha m'ma 54. Amalume anandiuza kuti ndiike chenjezo loti mphamvu ikutsika. Ine ndinalemba kuti ikatsika pansi pa 48 achenjeze, ikakwera pamwamba pa 48 anene kuti zakhala bwino. Iwo sananene kanthu. Anangotenga chipangizo choyesera n'kuika mphamvu pafupifupi pa 48 penipeni. Popeza magetsi sakhala chilili, anayamba kudumphadumpha pa malirewo, ndipo posakhalitsa sikirini inadzaza: latsika, lakwera, latsika, lakwera. Atatero anandionetsa kakonzedwe kake. Malire ochenjezera ndi malire ochotsera chenjezo azisiyana, monga 48 potsika ndi 50 pokwera, ndiponso vuto lizikhalapo kwa kanthawi chenjezo lisanatumizidwe.

Kuchuluka kwa machenjezo si nkhani yongotopetsa. Pa 24 Julayi 1994 fakitale yoyenga mafuta ku Milford Haven, ku Wales, inaphulika. Ofufuza anapeza kuti pa mphindi 11 zomaliza, anthu awiri oyang'anira makina anayenera kuzindikira ndi kuchitapo kanthu pa machenjezo 275. Palibe munthu angawerenge zochuluka chotero n'kupeza chofunika. Akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma.

Kuti mlonda anene njuchi yoluma, timamuphunzitsa ubale wa zipangizo. Ngati zipangizo 20 za m'kanyumba zimafikiridwa kudzera pa siwichi imodzi, siwichiyo ikafa zonse 20 zimaleka kuyankha. Mlonda wosaphunzitsidwa amatumiza machenjezo 21. Wophunzitsidwa amatumiza limodzi lonena za siwichi, n'kusonyeza kuti zinazo sakutha kuzifikira. Timagawanso machenjezo m'magulu malinga ndi chimene munthu ayenera kuchita: ofunika kudzuka pompano, oti akaonedwe m'mawa, ndi ongolembedwa m'kaundula. Amalume amati chenjezo limene palibe amene angachitepo kanthu lisamalire konse.

Magulu awiri omalizawo ndi amene amapindulitsa kwambiri m'kupita kwa nthawi. Mota ya pamphambano imene ikudya magetsi ochulukirapo mlungu ndi mlungu, kapena imene ikutenga nthawi yotalikirapo kusuntha njanji, ikusonyeza kuti pauma mafuta kapena palowa mchenga ndi miyala. Wokonza akapita masana ndi girizi, sitima siidzaima usiku.

Kukhala chete si mtendere

Mwini sitolo akafika m'mawa n'kufunsa mlonda wake kuti kwagonedwa bwanji, yankho loti "kunalibe kanthu" lingatanthauze zinthu ziwiri: kuti anayang'ana usiku wonse osaona wakuba, kapena kuti anagona. Makina nawonso ali ndi vuto lomweli. M'mawa wa pa 20 Okutobala 2017, sitima zinayi zinayenda pa njanji ya Cambrian Coast ku Wales zisakulandira uthenga wa malo amene zinayenera kuchepetsa liwiro. Kompyuta ya zizindikiro inali itazima n'kudziyatsanso usiku wake, ndipo uthengawo sunalowemo, koma sikirini ya oyang'anira inkasonyeza kuti walowa. Sitima imodzi inayandikira pamene msewu umadutsa njanji pa liwiro la makilomita 80 pa ola m'malo mwa 30. Ngozi sinachitike, koma anthu anali atakhulupirira sikirini yonena zimene sinazitsimikize.

Pa chifukwa ichi mlonda amatcheredwa kuti akhale ndi mayankho atatu, osati awiri: zili bwino, pali vuto, ndi sindikudziwa. Chipangizo chikapanda kuyankha mafunso angapo motsatana, mtundu wake pasikirini usakhalebe wobiriwira chifukwa chakuti yankho lomaliza linali labwino. Ndipo mlonda mwiniyo amalonderedwa: amatumiza kauthenga kakang'ono kulikulu pa nthawi yoikika, ndipo kauthengako kakasowa, kulikuluko kumalira alamu.

Tsiku lomaliza linali loyesa. Tinazula waya wa netiweki, tinazimitsa chaja, tinatsegula chitseko cha kabati, tinatenthetsa choyezera kutentha, ndipo pa chilichonse tinaona ngati uthenga woyenera wafika, ndi dzina loyenera, pa nthawi yoyenera. Tinazimitsa kabokosiko n'kukayatsanso kuti tione ngati kasunga zonse. Kenaka mnzawo wa amalume, amene sanali nafe potchera, anabwereza mayeso onsewo payekha n'kusayina. Zonse zimene tinatchera zinasungidwa m'fayilo yolembedwa tsiku, kuti kabokosiko kakadzapsa ndi mphenzi, kena kadzalowe m'malo mwake mosavuta.

Kulemba mauthengawo m'Chichewa

Amalume ankafuna kukapempha akuluakulu awo kuti ena mwa mauthengawa azitumizidwanso pafoni m'Chichewa kwa alonda ndi ogwira ntchito panjanji amene amakhala pafupi ndi timanyumbato, popeza ndiwo angafikepo msanga n'kunena zimene akuona. Anandipatsa mndandanda kuti ndimasulire, ndipo apa ndinaona kuti galamala ili ndi ntchito.

Uthenga wachingerezi woti "link down" ndinaumasulira kuti "waya waduka". Amalume anaukana. Mlonda sadziwa ngati waya waduka; chimene akudziwa ndi chakuti mbali ziwiri zaleka kumvana, ndipo chifukwa chake chingakhale waya, magetsi kapena siwichi. Womva kuti waya waduka amakayenda m'mbali mwa njanji kufunafuna poduka pamene vuto lili m'kanyumba. Tinagwirizana zolemba kuti "sizikulumikizana". Chimodzimodzinso ndi chitseko. "Chatsegulidwa" amatanthauza kuti pali munthu amene watsegula, ndipo womva angathamange ndi chibonga kapena kuopa kupitako. "Chatseguka" amangonena mmene chitseko chilili, ndipo ndi zokhazo zimene kachipangizo ka pachitseko kamadziwa. Kusiyana kwa -ka ndi -idwa, kumene timakuphunzira m'kalasi ngati nkhani ya mayeso, apa kunali kusiyana kwa uthenga woona ndi wongoganizira. Tinasiyanitsanso "batire likutha" ndi "batire latha", chifukwa woyamba akupereka maola oti munthu achitepo kanthu pamene wachiwiri akunena kuti sitima zaima kale. Uthenga uliwonse tinaupatsa magawo atatu motsatana: malo, chimene chaoneka, ndi chimene wolandira achite. Pa uliwonse tinawonjezera kuti asakhudze mawaya koma aimbe foni.

Mawu omaliza

Nkhani ino yasonyeza kuti kutchera chipangizo cholondera netiweki ya zizindikiro za njanji kumayamba ndi kuchiletsa kukhudza zimene chikulondera, kenaka kuchipatsa adiresi, mayina omveka, nthawi yolondola ndi mtanthauziramawu wake, ndipo pomaliza kuchiphunzitsa nthawi yonena, nthawi yokhala chete, ndi kuvomera pamene sichikudziwa. Gawo la mawaya ndi manambala lili ndi eni ake. Koma mayina ndi mauthenga amawerengedwa ndi munthu wotopa, usiku, amene ayenera kusankha msanga kolowera. Ife ophunzira ziyankhulo timadandaula kawirikawiri kuti Chichewa chilibe mawu a zaumisiri. Pa masiku atatu aja vuto limene ndinakumana nalo silinali kusowa kwa mawu. Relay tinangoitcha relay ndipo palibe amene anasokonezeka. Chovuta chinali kusankha, pakati pa mawu amene tili nawo kale, amene sakunena zoposa zomwe makinawo aona.